Kakompyuta kokwana m'dzanja, ndi nkhani ya masipeya



Lero tikamba za makompyuta. Musafulumire kusintha siteshoni poganiza kuti nkhaniyi ndi ya anthu a mataye okhaokha, chifukwa isanathe tifika kwa mlimi wa nkhuku, tilowa m'chipatala, tikhalakonso pansi pa mtengo pamene amakonzera njinga.

Poti pawailesi sitionana, ndiloleni ndikufotokozereni chinthuchi ngati ndakuikirani m'manja. Tulutsani chiphaso chanu cha unzika. Kukula kwake n'komweko, masentimita 8 ndi theka mulitali, 5 ndi theka mulifupi. Ndi kabolodi kobiriwira, kopanda chophimba chilichonse, zam'kati zonse zili pamtunda. Pakati pali kachitsulo ka makona anayi, ndiye ubongo wake. M'mbali muli mabowo: anayi olowetsamo fulashi, kiyibodi kapena mausi, limodzi la waya wa netiweki, ena opita ku TV, ndi lina lolandira moto kuchokera ku tchaja yonga ya foni. Mukakatembenuza, kunsi kuli kampata ka memore khadi, yomwe ija timasungiramo nyimbo. Ndiye m'mphepete mwake mwandanda timisomali 40 m'mizere iwiri. Timisomalito mutisunge m'mutu, ndi pamene pagona nkhani.

Dzina lake ndi Raspberry Pi, ndipo ndi kompyuta yathunthu. Mukalumikiza TV ndi kiyibodi mumalemba kalata, mumawerengetsa ndalama, mumalowa pa intaneti.

Chiyambi chake chili ku Cambridge, ku England, cha m'ma 2006. Eben Upton ndi anzake a payunivesite anaona kuti achinyamata ofunsira maphunziro a makompyuta akuchepa, ndipo ofikawo akudziwa zochepa poyerekeza ndi akale. Ana a m'zaka za m'ma 1980 anakula ndi makina monga BBC Micro, omwe ukawayatsa ankangokudikira kuti uwalembere lamulo. Ana a pambuyo pawo anapeza kompyuta ya panyumba ili katundu wodula, wosungamo ntchito za makolo, woti mwana akangoyerekeza kumasula, mbama. Ndiye akuluakuluwa anati tipange kompyuta yotchipa, yoti mwana akaiwotcha pakhomo pasagwe maliro.

Inatuluka pa 29 February 2012, pamtengo wa madola 35. Eni ake ankaganiza kuti agulitsa masauzande ochepa chabe. Tsiku loyamba lomwelo masamba a pa intaneti a makampani ogulitsa anadzadza ndi ogula mpaka kukanika kutseguka. Pofika 2024, chaka chimene kampaniyi inayamba kugulitsa masheya ake pamsika wa London, timabolodi togulitsidwa tinali titapitirira 60 miliyoni, ndipo tambiri timapangidwa pafakitale ya Sony ku Pencoed, m'dziko la Wales. Tiwiri tinakwera mpaka kumalo ofufuzira za mlengalenga a International Space Station mu 2015. Koma chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti ogula ambiri masiku ano si ana asukulu. Ndi makampani, omwe amabisa kabolodika m'kati mwa makina a m'mafakitale, kuseri kwa masikirini olengeza uthenga, m'zipangizo zoyezera zinthu. Chidole cha ana chinapeza ntchito ya akulu.

Kali ndi msuweni wake wa ku Italy, Arduino, yemwe anabadwa mu 2005 m'tauni ya Ivrea, pasukulu yophunzitsa luso lokonza maonekedwe ndi kagwiridwe ntchito ka zinthu, kumene Massimo Banzi ankafuna chipangizo chotchipa choti ophunzira osadziwa zamagetsi ayesererepo. Arduino si kompyuta yolembera kalata ayi. Ubongo wake ndi wochepa kwambiri moti chithunzi chimodzi cha m'foni mwanu sichingakwanemo. Amadziwa ntchito imodzi imene mwamupatsa, n'kumaibwereza usana ndi usiku osatopa, osafunsa alawansi.

Tiyeni tione ntchito yotereyi pafupi. Mlimi akufuna kuswetsa mazira popanda thadzi lofungatira. Dzira la nkhuku limafuna masiku 21, kutentha kwa pafupifupi madigiri 37 ndi theka, chinyezi chokwanira, ndi kutembenuzidwa kangapo patsiku. Kukatentha kwambiri anapiye amafera m'dzira, kukazizira amachedwa kapena osaswa n'komwe. Ndiye mnyamata wodziwa izi amatenga bokosi la matabwa kapena firiji yakufa. M'kati amaikamo babu lotenthetsa, kafani kochotsa m'kompyuta yowonongeka, ndi kasensa kakang'ono koyeza kutentha ndi chinyezi. Mawaya atatu a kasensako amapita pa timano ta Arduino. Mawaya ena amapita ku kaswitchi kotchedwa relay. Kutentha kukatsika mumamva kuti tha! babu layaka. Kukakwera, tha! lazima. Maola angapo akakwana, kamota kamapendeketsa thireyi ya mazira mbali ina. Malamulo onse oyendetsa zimenezi sadzadza ngakhale masamba awiri a kope.

Tsopano tiyerekeze kuti kasensa kafa. Mumakazula, n'kulowetsapo kena. Relay yapsa? Mumasintha relay yokhayo. Mlimi wafuna kuti makinawo azimutumizira uthenga pafoni magetsi akathima? Pali kachipangizo kolowa simukhadi kamene mumangowonjezera pa timano totsala. Palibe chimene mwataya. Yerekezani ndi makina ogula m'sitolo, omata ndi guluu, amene kachinthu kamodzi kakapsa m'kati wogulitsa amangokuuzani kuti, "Bwana, izi sizikonzeka, gulani ena."

Ife a kuno nzeru imeneyi si yachilendo, timaikwera tsiku ndi tsiku. Njinga yakapalasa yakhalitsa m'dziko muno osati chifukwa siwonongeka. Imawonongeka kwambiri, funsani wakabaza aliyense. Koma ikadula tcheni, ikathyola sipoko, ikadya mabering'i, patsikidzi pa mtengo wa pamsika pali bambo ali ndi masipanala ake ndi beseni la madzi lofufuzira pobooka chubu, ndipo pagolosale yapafupi sipeya alipo. Pedulo ya njinga ina imalowa pa inzake. Pali njinga zina m'midzimu zimene chotsala cha pachiyambi ndi felemu yokha, zina zonse zinasinthidwa kalekale, koma zikunyamulabe matumba a makala. Timabolodi tikunenati tikubweretsa khalidwe la njinga m'dziko la makompyuta.

Kunena zoona, makompyuta anali ndi khalidweli kale, anachita kulitaya. Kompyuta ya IBM ya mu 1981 inali ndi mipata m'kati yoti mwini wake azilowetsamo makhadi owonjezera, ndipo makampani ena ankapanga makhadiwo. Amene munagwirako makompyuta a mabokosi aakulu aja mukukumbukira: kumasula tisikuluwu tiwiri, kuchotsa chitseko cha m'mbali, kuwonjezera memore, kusintha diski. Kenako kunabwera mpikisano wa kupyapyala. Kuti laputopu ikhale yopyapyala, memore anayamba kuiwotcherera pabolodi, batire n'kulimata ndi guluu. Mafoni nawo anatsekedwa. Kale foni ikazizira tinkangotsegula kumbuyo n'kuchotsa batire. Lero mnyamata wokonza mafoni kumsika amayamba waiwotha ndi mpweya wotentha kuti guluu asungunuke, n'kumatsegula pang'onopang'ono uku akupemphera kuti sikirini isasweke. Lipoti la mabungwe a United Nations linati mu 2022 dziko lonse linataya zinyalala za zipangizo zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zimene zinatoleredwa n'kukonzedwanso mwadongosolo. Zambiri mwa izo zinafa ndi kachilema kamodzi kokha.

Chinthu chachiwiri chimene chimakoka anthu ndi magetsi, ndipo apa mpamene ife nkhaniyi ikutikhudza kuposa a ku Cambridge. Raspberry Pi 4 ikangokhala osagwira ntchito yolemetsa imadya mawati atatu kapena kuposera pang'ono, ikalimbikira ntchito sifika khumi. Kompyuta yakale ya bokosi pamodzi ndi sikirini yake imatha kupitirira mawati 100. Kusiyana kumeneku ndiye kusiyana kwa kasola kamodzi ka padenga ndi jenereta yofuna mafuta. Tonse tikukumbukira mu January 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi 130 megawatts. Kuthimathima kunatenga miyezi yambirimbiri. M'nyengo ngati imeneyo makina odya pang'ono ndi amene amatsala ali maso.

Phunziro limeneli Malawi analiphunzira Raspberry Pi isanabadwe. Mu 2001, pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chomwe lero ndi Kamuzu Central, Gerry Douglas ndi bungwe la Baobab Health anayamba kulembetsa ana odwala pogwiritsa ntchito timakina totchedwa i-Opener. Timakinati tinapangidwa ku America kuti anthu azilowera pa intaneti kunyumba, koma malonda ake anagwa, ndiye tinkapezeka motchipa. A Baobab anatitenga, n'kutiika galasi logwira ndi chala, kuti kalaliki kapena namwino amene sanagwirepo kiyibodi azingodina pasikirini. Kamakina kosindikiza kankatulutsa kapepala ka mizeremizere komata pakabuku ka kuchipatala, kuti wodwala akabweranso angokaunika n'kumupeza. Moto unkachokera ku mabatire akuluakulu, n'kumayenda m'waya wa netiweki womwewo, moti magetsi akathima ntchito inkapitirira. Pofika 2006 njira imeneyi inali itafika ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kuchipinda cholandirira ma ARV. Taonani zimene anasankha: makina aang'ono, odya moto pang'ono, opanda zozungulira m'kati zoti fumbi lizitseke, ogwira ntchito imodzi yokha, oti kamodzi kakafa uzule n'kuikapo kena mzere wa odwala usanatalike. Munthu akanawapatsa makompyuta apamwamba a nthawi imeneyo, ndikukayika ngati akanatha chaka.

Kusukulu nako kuli ntchito imene kabolodika kamaigwira bwino. Bungwe la World Possible linakonza chinthu chotchedwa RACHEL, ndipo palinso mapulogalamu ena monga Kiwix ndi Kolibri. Nzeru yake ndi iyi: mumadzaza memore khadi ndi mabuku, Wikipedia, ndi mavidiyo ophunzitsa masamu ndi sayansi a Khan Academy. Kabolodi kaja kamaulutsa Wi-Fi yakeyake m'kalasimo. Aliyense amene ali ndi foni, tabuleti kapena laputopu amalumikiza n'kuyamba kuwerenga, popanda bandulo, popanda netiweki ya kampani iliyonse. Ndi laibulale yokwana m'thumba la malaya. Chokhumudwitsa n'chakuti zambiri za m'menemo zili m'Chingerezi ndipo sizitsata silabasi yathu, pamene Wikipedia ya Chichewa ndi yochepa kwambiri. Komabe khomo ndi lotsegula. Mphunzitsi wakhama atha kuikamo manotsi ake ndi mapepala a mayeso akale a MANEB, ndipo ine ndikuona kuti izi n'zimene ana a Fomu 4 angayambe kuthamangira, Wikipedia pambuyo.

Mpaka pano ndakhala ngati wotsatsa malonda, ndiye tiyeni titembenuze chikwama tione kunsi.

Mtengo wa madola 35 uja ndi wa kabolodi kokha. Pamafunika tchaja yamphamvu bwino, chifukwa tchaja zotchipa za pamsewu zimapereka moto woperewera, kabolodi n'kumachita khunyu, inu n'kumaganiza kuti kabwera kakufa. Pamafunika memore khadi, kabokosi kotchingira, waya wa ku TV, kiyibodi, mausi, ndi sikirini, yomwe nthawi zambiri imadya moto kuposa kompyutayo. Muwonjezerepo mtengo wotumizira ndi msonkho. Ndipo zonsezi n'zogula ndi ndalama zakunja, zomwe mukudziwa mmene zikuvutira. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, dola iliyonse ya pa kabolodika inalemera. Ndiye munthu akandifunsa kuti, "Achimwene, mwana wanga wapita ku koleji, akufuna cholembera ntchito za m'kalasi, ndimugulire kameneka?" yankho langa ndi lakuti ayi, mugulireni laputopu yakaunjika. Ili kale ndi sikirini, kiyibodi ndi batire, ndipo malaputopu akale a m'maofesi ambiri amatseguka ndi sikuludiraiva wamba. Kabolodika kamawala pamene pali ntchito imodzi yoti igwiridwe mosalekeza, kapena pamene pakufunika kulumikiza kompyuta ndi zinthu zogwirika: pampu, geti, sikelo, nyale.

Vuto lina ndi lobisika, ndipo lapweteketsa mitima ya anthu ambiri. Zonse za Raspberry Pi zimakhala pa memore khadi ija. Magetsi akathima mwadzidzidzi iko kali pakati polemba, khadi limatha kusokonezeka. Mawa lake mukayatsa, kanyale kofiira kayaka, koma pasikirini pali bii. Munthu wosadziwa amati makina apsa, n'kuwaponya m'kabati. Chonsecho bolodi ili bwinobwino, chadwala ndi kakhadi ka ndalama zochepa. Mankhwala ake ndi odziwika: kuika batire pakati pa soketi ndi kabolodi, kuzimitsa mwadongosolo, kapena kukonza kuti khadi lizingowerengedwa osalembedwa. Koma woyika makinawo akakhala kuti anazolowera kwawo kumene magetsi sathima, izi saziganizira.

Palinso nkhani ya wotchi. Mitundu yonse isanafike Raspberry Pi 5 ya mu 2023 inalibe wotchi yosunga nthawi ikazima. Ikayaka imafunsa nthawi pa intaneti. Nanga kuchipatala cha kumudzi kopanda intaneti ifunsa ndani? Imangopitiriza pamene inalekera, ndiye wodwala wa Lolemba amalembedwa kuti anabwera Lachisanu. Apa mpamene timisomali 40 tija timaonetsa ntchito yake. Pali kawotchi kakang'ono kokhala ndi batire longa la wotchi ya pamkono, kamene mumangokabaya pa timisomalito, vuto latha. Chilema chilipo, koma malo ochikonzera anasiyidwa otsegula. Chimodzimodzi kutentha. Mitundu yatsopanoyi ndi yamphamvu koma imatentha, ndipo ikafika madigiri 80 imadzichepetsa liwiro yokha. Mu October ku Nsanje kapena ku Chikwawa, m'chipinda cha malata opanda siling'i, musayerekeze kuiyika popanda kafani. Ndipo kabokosi kake muzikatsegula nthawi ndi nthawi, chifukwa nyerere ndi mphemvu zimakonda malo ofunda.

Tisaganizenso kuti chilichonse chomangidwa m'zidutswa chimapambana. Google inayesa kupanga foni yotero, ntchito yotchedwa Project Ara, yoti kamera, batire ndi sipika uzichita kuzilowetsa ndi kuzizula mmene wafunira. Mavidiyo ake anali okongola zedi, anthu anaombera m'manja. Mu 2016 anaisiya isanafike m'sitolo. Polumikizira paliponse pamadya malo, pamawonjezera kulemera ndi mtengo, ndipo pamakhala khomo la fumbi ndi madzi. Komanso anthu ambiri safuna kumanga foni, amafuna kuimba. Amene apulumuka ndi amene analonjeza zochepa. Fairphone ya ku Netherlands sikuuzani kuti muzisintha foni tsiku lililonse, imangoti batire kapena sikirini ikafa, masulani nokha musinthe. Framework ya ku America, yomwe inayamba kugulitsa malaputopu mu 2021, imaika sikuludiraiva m'bokosi momwemo. Mabowo a m'mbali mwa laputopu ndi timakhadi tochita kulowetsa, lero USB, mawa HDMI, ndipo bolodi yaikulu ikakalamba mumagula yatsopano n'kusunga zina zonse. Yakaleyo imathanso kugwira ntchito payokha ngati kakompyuta ka patebulo. Nzeru yabwino kwambiri. Koma mtengo wake unayambira pafupifupi madola 1,000, ndipo sipeya wake ngwoitanitsa kutsidya kwa nyanja. Kwa munthu wa ku Mzimba, laputopu yotheka kumasula imene sipeya wake ali ku California sisiyana kwenikweni ndi yomata ndi guluu.

Apa ndiye pamene ndikufuna tiimepo pang'ono. Njinga ija sikhalitsa chifukwa cha mabawuti okha. Imakhalitsa chifukwa pali anthu atatu: woitanitsa masipeya, wagolosale amene amawasunga, ndi mmisiri wa pansi pa mtengo. Mukachotsapo mmodzi, njinga imakwera kudenga. Makina a zidutswa nawo ndi chimodzimodzi, ndipo ngakhale mayiko olemera anazionera okha. M'zaka za 2021 ndi 2022, dziko lonse litasowa tizipangizo ta m'kati mwa makompyuta, Raspberry Pi inasowa pamsika. Tochepa tomwe tinkapangidwa tinkayamba tapita ku makampani, ndipo mavenda a pa intaneti ankagulitsa mowirikiza kangapo mtengo wake. Anthu amene anamanga ntchito zawo pa kabolodi kamodzi kokhaka anagwira njakata. Amene anapulumuka ndi amene anazindikira kuti ntchito zambiri sizifuna kompyuta yathunthu. Kuyeza madzi m'thanki n'kuyatsa pampu, kachipangizo ka ESP32 kochokera ku Shanghai kamatha, kali kale ndi Wi-Fi, ndipo mtengo wake ndi madola ochepa. A Raspberry Pi eni ake anatulutsa Pico mu 2021 pa madola 4.

Mwa anthu atatu aja, mmisiri tili naye kale. Pitani kumsika wa Lilongwe kapena ku Limbe mukaone anyamata okonza mafoni. Munthu ali pa kabenchi, galasi lokulitsa zinthu lili pamaso, akuwotcherera kachinthu kochepa kuposa njere ya mpunga, ambiri a iwo osapitako ku koleji iliyonse. Manja amenewo, kuwotcherera waya pa Arduino ndi masewera. Dziko lino ndi limenenso linabala William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene ali mnyamata anapanga makina amphepo opangira magetsi ndi zidutswa za njinga ndi zotola kudzala. Malo ngati mHub ku Lilongwe, ndi mayunivesite athu monga MUST ndi MUBAS, akuphunzitsa achinyamata kulemba mapulogalamu ndi kumanga zipangizo. Chimene chikuperewera ndi wagolosale. Wophunzira amamanga chinthu chokongola cha mayeso a chaka chomaliza, aphunzitsi n'kuchonga, zithunzi n'kujambulidwa, koma kasensa kakapsa ayenera kudikira masabata kuti wina wochokera ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam amutengereko. Mlimi wa nkhuku sangadikire masabata, mazira ali m'bokosi.

Ine ndikuona kuti apa pali bizinesi imene ikudikira mwini wake, ndipo si yofuna mpamba woopsa. Masensa, ma relay, timawotchi, mawaya ndi timabolodi n'zinthu zopepuka, zokwana zambirimbiri m'katoni imodzi. Wogulitsa masipeya a mafoni atangopatula shelefu imodzi, anyamata a m'makoleji angamudziwe sabata yomweyo. Akuluakulu oona za misonkho nawo angathandize poona kuti kabolodi kophunzirira si katundu wa manyado.

Kwa inu a mabungwe, ndi inu aphunzitsi aakulu ndi a makomiti amene mumalandira mphatso za makina, pali zipinda zingapo m'dziko muno zokhoma ndi loko, m'kati muli makompyuta ofunditsidwa nsalu, amene anagwira ntchito teremu imodzi. Tsiku lopereka kunali nyimbo ndi magule. Wobweretsa atakwera ndege, panalibe wodziwa pogwira. Ndiye mlendo akabwera ndi timabolodi take, mulandireni bwino, koma musanasaine mufunseni mwaulemu kuti, "Bambo, kakafa tidzaitana ndani, ndipo ali kuti?" Mufunseni ngati wasiya kabolodi kapadera ndi tchaja yapadera. Mupempheni kuti aphunzitse anthu awiri, osati mmodzi, chifukwa mphunzitsi amasamutsidwa. Ndipo asanachoke akukopereni memore khadi yachiwiri yofanana ndendende ndi imene ili m'makinamo, ayiyese pamaso panu kuti ikuyaka, muyiike mu envelopu, mulembepo deti, muyitsekere m'kabati ya ofesi. Tsiku limene kanyale kofiira kadzayake sikirini ili bii, mudzazula khadi lodwalalo, n'kulowetsa la mu envelopu, ndipo kalasi idzapitirira belu lisanalire. Lodwalalo mudzalipereke kwa mphunzitsi wopita kutauni kumapeto a mwezi kuti akalikopenso.